Nyali ya Agogo Kamalakshi

Perumbavoor, 9 Malichi

Amake Tuhina,

Moni wanga ukupezeni inu ndi mwana. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinaleka nditangosiya ntchito ya kufakitale ya matabwa. Kaya inu kumeneko mwadzuka bwanji?

Kalatayi ndapatsira Jahirul amene akukwera sitima Loweruka, ndipo m'katimo muli marupi 6,000. Musadabwe kuti ndikulemba pamene mafoni alipo. Foni ya alongo anu amayankha ndi alongo anu omwewo, kenaka n'kuima pambali panu ngati akudikira chenji. Kunonso m'chipinda timagonamo anthu khumi ndi awiri, ndipo palibe wogontha.

Pandalamazo patulani 2,000 ya mayi. Muwagulire mpunga, mchere, mafuta ndi mankhwala aja a m'maso, mumupatse Kalimuddi wa bwato awolotse. Ndikudziwa zimene munene, kuti mayi ndi ouma mutu. N'zoona. Mudzi wonse unachoka pachilumbapo mtsinje wa Padma utayamba kudya gombe, iwo okha akuti sangasiye manda a bambo. Koma ndi mayi anga, ndipo chaka chikukwana ndisanamve mawu awo, poti foni saimva. Mtima wanga sukhala pansi ndi nkhani imeneyi.

Ntchito yatsopano ndi ya m'golosale ya a Varkey, bambo wachikhirisitu wa mimba yake, pakamwa posatseka. Golosaleyo ili kunja kwa tauni, mumsewu wa nyumba zosanja zokhazokha. Mukanaziona, amake Tuhina! Mageti achitsulo, makhonde a matailosi, mitengo ya mango. Koma pa nyumba makumi atatu, zokhala eni ake ndi zinayi basi. Ana anapita ku Dubai, ku Canada, kwina sindikutha n'kutchula komwe, makolo akutha mmodzimmodzi. Nyumba zina ndi zokhoma, maloko achita dzimbiri. Zina anabwereketsa kwa ife, anthu makumi awiri kapena atatu m'nyumba imodzi, malungi athu, nsalu zomanga m'chiuno zija, ali yaliyali pakhonde. Masana tonse tikapita kuntchito, msewu umangoti zii, ungamve tsamba likugwa.

M'golosalemo mungayese muli kwathu ku Jalangi. Mafuta a mpiru, mphodza, mpunga wophulika, nsomba zouma, masamba otafuna, zonse zilimo. Eni dziko yawatsalira shelefu imodzi pakona, ya mpunga wofiira ndi mafuta a kokonati. Dzulo a Varkey anati, "Iwe Bhai," poti kuno tonsefe obwera dzina lathu ndi Bhai, mawu akwathu aja oti m'bale, "zaka makumi anayi ndili m'sitolo muno, lero ndikugulitsa zinthu zoti sindinalawepo. Mafuta anuwa amanunkha ngati mankhwala a nyamakazi."

Ine ndinati, "Nanga inu bwana, mumakazingira nsomba m'mafuta odzola kumutu?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndiye kuti ntchitoyi ndikhalitsa.

Tuhina asamapite kumtsinje yekha.

Ndine mwamuna wanu,
Mofijul


6 Epulo

Amake Tuhina,

Ndasangalala kumva kuti muli bwino ndiponso kuti dzino la mwana linazuka lokha. Inenso ndili wamphamvu, kungoti kukutentha koopsa. Ndatumiza 5,500. Anyezi kuno wafika 40 pa kilogalamu, a Varkey akumuyang'anira ngati golide.

Mwalemba kuti Kalimuddi anasiya thumba la mayi padooko la pachilumba monga mwa nthawi zonse, ndipo kuti mukaima pagombe lanu m'mawa mumaona utsi pamwamba pa nyumba yawo. Chabwino, ndathokoza. Utsi ukamaoneka ndiye kuti akuphika.

Andiwonjezera ntchito yoperekera katundu panjinga. Kasitomala wanga wamkulu ndi agogo Kamalakshi, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, a nyumba yomaliza kumapeto kwa msewu. Anali aphunzitsi, ndipo a Varkey akawaona amayamba abisa fodya. Amakhala okha m'nyumba ya zipinda zisanu ndi zinayi. Mwana wawo Pradeep ali ku Canada, ndiye anakonza ndi a Varkey kuti Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndizipititsa jumbo ya mpunga wofiira, masamba, buledi ndi kabotolo ka mafuta a kokonati. Ndikafika ndizijambula chithunzi ndi foni ya pasitolo, n'kutumiza kwa Pradeep kuti aone kuti katundu wafika.

Poyamba ankatuluka okha, ambulera m'manja ngakhale kulibe mvula. Makutu awo ali ngati a mayi, umachita kukuwa. Tsiku lina anandinunkhiza malaya n'kunena kuti, "Iwe Bhai, kale msewu uno madzulo unkamveka kokonati. Tsopano ndikatsegula zenera ndimangoyetsemula. Mwatilanda ndi mphepo yomwe."

"Agogo, tikubwezerani tikamapita."

"Mupita liti? Opita ndi athu. Inu ndi obwera."

Anandipatsa nthochi ziwiri. Ndinawakonda, amake Tuhina. Kakamwa kawo ndi ka mayi ndendende.

Koma mlungu wathawu zinthu zasintha. Kwinakwake kutali munthu wakwathu akuti anaba m'nyumba ya nkhalamba, nkhani n'kutuluka m'nyuzipepala. Pradeep anaimba kuti geti lizikhala lokhoma, Bhai asalowe, jumbo izipachikidwa pachitsulo cha geti. Zinandiwawa, sindikubisirani. Tsopano ndimapachika, kuliza belu, kujambula, n'kubwerera. Chithunzi chake ndi cha jumbo ndi geti basi.

Komabe ndimadziwa kuti alipo. Dzuwa likamalowa, ine ndikupita kumzikiti, amatulutsa nyali yawo yamkuwa pakhonde, monga amachitira Ahindu a kwathu. Kungoti akuno amaika nthambo ziwiri, ina yoloza kum'mawa, ina kumadzulo. Mumsewu wonsewu nyali yatsala yokhayo. Nyumba yoyandikana nayo muli anzathu makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo wamkulu wawo ndi a Nitai, mmisiri womanga wa ku Nadia, Mhindu wa imvi ndi wopemphera kwambiri. Iwo akaiona nyaliyo amaima, n'kugwira pachifuwa.

Denga la khola musadikire mvula, muuzeni Jahirul akonze asanabwerere.

Mofijul


14 Meyi

Amake Tuhina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli athanzi. Ine ndili bwino, tulo tokha ndi timene tikundivuta. Muli 6,000. Nsapato za Tuhina mugule zokulirapo, mapazi a mwana ameneyu sadikira malipiro.

Mwalembanso za utsi. Ndamva. Koma Kalimuddi sangakwere n'komwe kamtunda kaja kukawapatsa moni? Ndi mapazi angati kuchoka padooko? Ndikudziwa amathamangira okwera, komabe mufunseni.

Kuno nyumba zokhala eni ake zatsala zitatu. Bambo wina wa nambala 11 ana ake anadzamutenga, ndipo galu wake akungoyendayenda mumsewu, sadya za aliyense. Shelefu ya pakona ija a Varkey aidula pakati, theka aikapo sopo.

Agogo Kamalakshi sindinawaone ndi maso kuyambira kumapeto kwa Epulo. Jumbo ndikapachika, tsiku linalo ndimapeza palibe, ndiye kuti amatenga. Ndikaliza belu sabwera, koma belu sanalimvepo chiyambire. M'katimo wailesi imalankhula. Mazenera onse ndi otseka, pena ndimati n'chifukwa cha mafuta athu aja.

Dzana Pradeep anaimbira a Varkey kuti mayi ake sakuyankha foni. A Varkey anati, "Mayi ako anayamba liti kuyankha foni? Katundu akutenga, nyali akuyatsa. Ukufuna akuvinire?" Kenaka anandituma kuti madzulo ndikajambule nyaliyo kuti mwanayo agone.

Ndinapita dzuwa litangolowa. Nyali inali pakhonde, ikuyaka bwinobwino, malawi ali chilili osagwedezeka. Chitseko chinali chotseka. Ndinakuwa kuti "Agogo!" katatu, koma anandiyankha ndi munthu wa m'wailesi. Akhwangwala anali ndandanda padenga, osalira. Sindidziwa chifukwa chake, koma njinga ndinaikankha chothamanga mpaka pakona ndisanakumbuke kuti ndi yokwera. Chithunzi ndinatumiza. Pradeep anayankha ndi kachala kamodzi koloza m'mwamba.

Musaseke. Mwamuna wanu sanachitepo mantha ndi nyali.

Kumapeto kwa msewuko kwayamba kumveka fungo. Eni dziko otsalawo analembera a Varkey kalata kuti ndi nsomba zathu zouma, tizisunga m'zigubu zotseka. Tatero. Fungo silinasinthe.

Mofijul


3 Juni

Amake Tuhina,

Moni nonse. Ine ndilipo. Mvula yayamba kuno, ya usana ndi usiku, zovala sizikuuma. Pa 22 Meyi kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mtengo wa magetsi pakona, tinakhala masiku awiri mumdima, ndipo ayisikilimu yense wa a Varkey tinamwa ndi makapu. Ndatumiza 5,000 yokha chifukwa ndinagula chubu cha njinga ndi chovala cha mvula.

Mwati mtsinje wadzaza, Kalimuddi akuwoloka kamodzi pamlungu, ndipo inu simungakwere bwato ndi mwana madzi ali chonchi. Sindikukutsutsani. Mwatinso asodzi a kumunsi ayamba kugona pachilumbapo, ndiye mayi sali okha. Mwina n'zabwino.

Pali kanthu kena kakundidya. Lachisanu ndikupachika jumbo ya agogo, kiyi wa njinga anandigwera kuseri kwa mpanda. Nditasuzumira kuti ndimutole ndi kamtengo, ndinaona mabotolo a mafuta a kokonati ali pamzere m'munsi mwa mpandawo, m'kati. Asanu ndi anayi, onse osatsegula, zipepala zake zitanyowa ndi mvula.

Taganizani inuyo, amake Tuhina, poti ndinu wophika. Munthu wakuno angadye mpunga ndi masamba mwezi wathunthu osakhudza kokonati? Agogo aja ankati chakudya chopanda mafuta amenewa ndi cha m'chipatala. Ndi ndani amene amatenga zonse za m'jumbo n'kusiya mafuta okhawo? Yankho ndikulidziwa koma sindikulifuna.

Bwalo lawonso, lija ankasesa m'mawa uliwonse mpaka mizere ya tsache kuoneka, ladzaza mango owola. Anthu tsopano akuti fungo lija ndi la mangowo.

Koma nyali ikuyaka. Madzulo aliwonse ikuyaka.

Ndinayesa kuwauza a Varkey. Anati, "Mawondo, Bhai. Nkhalamba ikadwala mawondo sisesa. Mafutawo mwina adokotala anawaletsa." Ananena akuyang'ana sikelo, osati ine. Kenaka anawonjeza kuti, "Ndipo iwe usayerekeze kudumpha mpanda umene uja. Ukadzapezeka m'kati, ine sindikudziwa."

Lachiwiri ndidzapachikanso ndi kujambula. Imeneyo ndiyo ntchito imene anandilemba.

Mofijul


13 Juni

Amake Tuhina,

Ndili bwino. Ndalama mulibe muno, ndangopeza munthu wopita ndiye ndati ndilembe.

Dzulo madzulo mphepo inkachokera kunyumba ya agogo. Ndinaima pageti, utsi wa nyali n'kundipeza. Miyezi itatu ndakhala ndikuthira mafuta m'mabotolo, mphuno yanga sinama. Nyali ija ikuyaka ndi mafuta a mpiru. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nthambo ndi imodzi yokha, monga amayatsira kwathu.

Mafuta a mpiru mumsewu uno amagulitsidwa malo amodzi, ndipo wothira ndine. Agogo aja sangawagwire ngakhale ndi ndodo. Dzanja limene likuyatsa nyali imene ija ndi lakwathu.

Ndikalankhula, galimoto ya apolisi idzabwera, ndipo sidzafunsa kuti Bhai wake uti. Tonse tidzakwera. Ndikakhala chete, m'nyumba muja muli mayi wa munthu, kaya ali bwanji. Ndakhala ndikutembenuza zimenezi usiku wonse.

Musauze alongo anu. Mundipempherere.

Mofijul


21 Juni

Amake Tuhina,

Ndili moyo, ndili kunja, musachite mantha ndi zimene mumve kwa ena. Ndikuuzani ndekha mwa ndondomeko yake.

Lolemba sindinapite kumzikiti. Ndinabisala kuseri kwa galimoto yakufa imene ili moyang'anana ndi geti la agogo, dzuwa lisanalowe. Kutangoyamba kachisisira ndinaona mutu wa imvi ukutulukira pampanda wa pakati pa nyumba ziwirizo. Munthuyo anatsika movutikira, anavula nsapato, anasamba m'manja pampopi, n'kukwera pakhonde ndi kabotolo m'thumba la malaya. Anali a Nitai.

Ndinati, "A Nitai, mukutani kumeneko?"

Machesi anawagwa m'manja. "Aa, Mofijul! Ukufuna mtima wanga uime?"

"Agogo ali kuti?"

"Kaya. Mwina anapita kwa abale, mwina agona m'katimo. Ine ndimangoyatsa."

"Anakutumani ndani?"

"Kutumidwa? Iwe, tsiku lija mtengo wa magetsi unagwa ndinayang'ana kuno, pakhonde pali bii, nyali ili poteropo yozima. Nyumba ya munthu wopemphera ifike madzulo yopanda moto, ine ndikuona? Amayi anga akanadzuka kumanda kudzandimenya ndi tsache. Ndinati ndiwayatsire lero lokha. Mawa lake inalinso yozima, basi ndinapitiriza."

"Munagogodapo?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Ine Bhai, ndigogode chitseko cha nkhalamba yokhala yokha? Ukufuna undiwerenge m'nyuzipepala?"

"Nanga majumbo?"

Anawerama. Anati kumayambiriro kwa Meyi jumbo ina inagona pageti, akhwangwala n'kuibowola. Anyamata a m'nyumba mwawo anati agogo achoka, chakudya chisawonongeke, ndiye anayamba kumatenga. Mafuta ankawabwezera kuseri kwa mpanda chifukwa, mwa mawu awo, sikuti ndi akuba, ndipo tsitsi lawo silingamalize zonsezo.

Amake Tuhina, taganizani. Palibe anapha munthu, palibe anathyola chitseko. Wina anayatsa nyali chifukwa cha ulemu, ena anapulumutsa mpunga kwa akhwangwala, ine ndinajambula geti. Tonse tinkagwira ntchito yabwino.

Tinapita tonse awiri kwa a Varkey. Sanatukwane. Anangokhala pathumba la mphodza n'kuvula magalasi. M'mawa mwake anabwera ndi apolisi ndi munthu wodula maloko, ine anandiimika pakhonde ngati mboni.

Agogo anali pampando wawo wansungwi m'chipinda chochezera, ambulera ili pambali, wailesi ikulengeza mitengo ya labala pamsika. Zina sindilemba, ndipo musadzandifunse. A Varkey anatuluka akulira ngati mwana, akuti, "Anandiphunzitsa kuwerenga mayi amenewa. Ndimakhala mayadi mazana awiri kuchokera pano."

Apolisi anatitenga anthu makumi atatu, tinakhala tsiku lonse pabenchi. Anatibweza madzulo chifukwa chitseko chinali chokhoma cham'kati ndipo ndolo zagolide zinali m'makutu mwa agogo. Koma ziphaso zathu atenga, akuti ine ndi a Nitai tisachoke m'boma lino mpaka nkhani ithe.

Sindinathe kutumiza kanthu. Gulitsani nkhuku ziwiri ngati pavuta.

Mofijul


2 Julayi

Ambiya,

Mkazi wanga, lero ndakutchulani dzina. Sindikudziwa ngati muli bwino, chifukwa foni ya alongo anu ndaimba masiku anayi osalowa. Akuti kwanuko madzi agwetsa mawaya. Ine thupi lili bwino. Jahirul akunyamuka mawa, ndamulipirira ndekha theka la tikiti kuti afulumire. Muli 7,000, ndipo ndikuuzani ntchito yake.

Pradeep anabwera, anakhala masiku anayi. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanalola. Koma anangobwera kusitolo, munthu wonenepa wa maso ofiira, n'kundifunsa kuti, "Ndiwe unkajambula?" Anandionetsa foni yake, zithunzi za jumbo pageti zili mndandanda. Anati, "Ndinkaziona m'mawa ndili m'basi, mtima n'kukhala pansi." Nyumba waisiya m'manja mwa kontilakita wina, akuti mulowa anthu makumi anayi akwathu mwezi wamawa. Shelefu ya pakona a Varkey andiuza kuti ndichotse zotsalazo, ndiikepo mafuta a mpiru.

Tsopano mverani ichi, chimene sindinauze wina aliyense. M'chipinda chija munali kalendala yong'amba tsamba tsiku lililonse. Inaima pa 29 Epulo, ndipo adokotala akuti n'zogwirizana ndi zimene anaona. A Nitai akulumbira pa ana awo kuti anayamba kuyatsa pa 22 Meyi, tsiku la chimphepo, ndipo anzawo onse akuvomereza. Tsegulani bokosi, muwerenge kalata yanga ya pa 14 Meyi. Chithunzi chimene ndinajambula madzulo aja chikadali mufoni ya pasitolo. Ndachikulitsa ndi zala kambirimbiri. Nthambo ndi ziwiri, ina kum'mawa, ina kumadzulo.

Sindikudziwa, Ambiya. Mwina pali wina amene akuopa kunena. Mwina munthu akachita chinthu zaka makumi asanu ndi limodzi, manja ake samva msanga kuti mwini wake wapita. Ndasiya kufunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti milungu isanu ndi iwiri ndinkauza mwana wa munthu kuti mayi ake ali bwino, ndisanaone nkhope yawo.

Usiku wa dzana ndinatulutsa makalata anu onse. Kuyambira Malichi, palibe ngakhale imodzi imene mwalemba kuti mwawaona mayi. Mwalemba kuti thumba limachoka padooko. Mwalemba kuti utsi umaoneka. Mwalembanso kuti pachilumbapo pakugona asodzi. Asodzi amadya mpunga, Ambiya, ndipo mvula ikamagwa amafuna denga ndi mafuwa.

Sindikukuimbani mlandu. Ndine ndinalemba ndi dzanja langali kuti utsi ukamaoneka ndiye kuti akuphika. Ndine mwana wawo, ndipo ndili kuno kuperekera mayi wa eni ake buledi. Ndikanakhala ndi chiphaso changa bwenzi ndili m'sitima.

Ndalamazo mulipire bwato lalikulu la injini, lonse, musadikire Kalimuddi. Tuhina mumusiye kwa alongo anu, inu mupite ndi Jahirul tsiku lomwelo afike. Musaime padooko. Musakuwe muli pabwalo, samva. Mukwere kamtundako, mukankhe chitseko, mulowe. Akakutukwanani kuti mwabwera ndi matope, mudzandilembere mawu ake onse, osasiyako ngakhale limodzi. Akakana kuwoloka muwanyamule, adzandikwiyire ine.

Mu envulopumu ndaikamo kapepala koyera. Mayi akadinde chala chawo chachikulu, chija chili ndi chipsera cha chikwakwa pakati, ndimachidziwa. Inki ikasowa, mwaye wa pamphika ndi mafuta pang'ono zikwana. Mumupatse munthu woyamba kukwera sitima yobwera kuno.

Ngati palibe chala choti chidinde, musavutike kufuna mawu. Mungokapinda kapepalako momwe kaliri, mutumize. Ndidzawerenga.

Mofijul